Alessandro Volta ndi Mpweya wa M'matope

Ana inu, mukamatchaja foni, dziwani kuti batire loyamba analipanga ndi Alessandro Volta, mu 1800. Bamboyu anabadwira ku Como, m'dziko la Italy, mu 1745. Koma lero tikambe za matope.

Mu 1776, Volta ali m'boti pa nyanja ya Maggiore, anatakasa matope a m'mabango ndi ndodo. Timathovu tinayamba kutumphuka, bwibwibwi! Wina akanangopalasa n'kumapita. Iye ayi. Anakola mpweyawo m'botolo, ndipo atauyandikiza ku moto, unayaka. Mpweyawu dzina lake ndi methane, umapangika zomera zikamawolera pansi pa madzi. Zamotozi musakayesere kunyumba, mwamva?

Mpweya womwewu umatulukanso pansi pa nyanja zikuluzikulu zamchere. Potuluka umakankha matope, ndiye pamatsala maenje ooneka ngati mbale, ena aakulu kuposa bwalo la mpira. Volta sanawaone maenjewa. Iye anamwalira mu 1827, pomwe asayansi anadzawatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kufupi ndi Nova Scotia ku Canada.