Wilhelm Röntgen, mnyamata amene anachotsedwa sukulu

Kwathu ku Milonde mvula imagwa yambiri, ndipo ana amasewera m'dothi lonyowa momwe mumakhala mazira a njoka za m'mimba. Njoka zimenezi zimatalika mpaka masentimita 30, ndipo zikachuluka zimapotana n'kutseka matumbo. Mwana amatupa mimba, amasanza, chimbudzi osatuluka. Akamutumiza kuchipatala chachikulu, dokotala amamujambula X-ray, n'kuona matumbo otupa ndi mpukutu wa njoka popanda kung'amba mimba. Koma ndi angati mwa ife amene timamudziwa munthu amene anatulukira kujambula kumeneku?

Wilhelm Conrad Röntgen anabadwa pa 27 Marichi 1845 ku Lennep, m'dziko la Germany, koma anakulira ku Netherlands. Ali pasukulu ku Utrecht, anamunamizira kuti wajambula chithunzi chonyoza mphunzitsi. Anajambula anali mnzake, koma iye anakana kumuulula, motero anamuchotsa sukulu wopanda satifiketi. Sanataye mtima. Mu 1865 analowa sukulu ya ukachenjede ku Zürich, ku Switzerland, ndipo mu 1869 anatenga digiri ya udokotala wa sayansi.

Pa 8 Novembala 1895, akugwira ntchito m'chipinda chamdima pa yunivesite ya Würzburg, anaona kuti kuwala kwina kosaoneka ndi maso kukudutsa pepala lakuda lomwe anakutira chubu chake chamagetsi. Posakudziwa dzina, anakutcha X. Patapita milungu 6 anajambula dzanja la mkazi wake, Anna Bertha, ndipo pachithunzipo panaoneka mafupa ndi mphete.

Röntgen akanatha kulemera kwambiri, koma anakana kulembetsa zimene anatulukirazo kuti zikhale zake yekha, pofuna kuti aliyense azigwiritsa ntchito. Mu 1901 anakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa fizikisi, ndipo ndalama zake anazipereka ku yunivesite ya Würzburg. Anamwalira ku Munich pa 10 Febuluwale 1923 ndi khansa ya m'matumbo, chuma chake chitatha mphamvu chifukwa cha kugwa kwa ndalama ya Germany.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tidzakumana ndi ana oimbidwa milandu m'kalasi. Tisanalembe kalata yochotsa mwana, tidzayambe tafufuza bwino, pokumbukira mnyamata wa ku Utrecht uja amene ntchito yake ikupulumutsa ana a kwathu mpaka lero.