Es'kia Mphahlele, mphunzitsi amene ntchito yake sinkathera pa belu lowerukira

JOHANNESBURG - M'chaka cha 1952, nthambi ya zamaphunziro ya chigawo cha Transvaal m'dziko la South Africa inachotsa ntchito aphunzitsi atatu pa sukulu ya sekondale ya Orlando High, m'dera limene lero limatchedwa Soweto. Atatuwa anali a Ezekiel Mphahlele, a Zephania Mothopeng ndi a Isaac Matlhare. Mlandu wawo unachokera pa ntchito imene ankagwira akaweruka, yomwe sankalandirirapo ngakhale khobidi: kutsogolera bungwe la aphunzitsi achikuda.

A Mphahlele anabadwa pa 17 Disembala 1919 ku Marabastad, dera la anthu osauka mumzinda wa Pretoria. Ali wamng'ono anatumizidwa kwa agogo awo kumudzi wa Maupaneng, kufupi ndi Pietersburg, mzinda womwe tsopano ndi Polokwane, kumene ankaweta ziweto. Atabwerera ku Marabastad anapeza banja likudalira ntchito yochapa zovala za Azungu, ndipo mnyamatayo ndiye ankakatenga ndi kukatula mitolo ya zovalazo pa njinga. Mayi awo ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo ndi ndalama zochepazo anawalipirira sukulu ya St Peter's ku Rosettenville. Kuchoka apo anakaphunzira zauphunzitsi ku Adams College m'chigawo cha Natal, namaliza mu 1940.

Sanayambe kuphunzitsa nthawi yomweyo. Kwa zaka zingapo anagwira ukalaliki pa malo osamalira anthu akhungu a Ezenzeleni ku Roodepoort, uku akuphunzira paokha kufikira atakhoza mayeso a matiriki. Mu 1945 anakwatira a Rebecca Mochadibane, ndipo chaka chomwecho anayamba kuphunzitsa Chingerezi ndi Chiafrikaans ku Orlando High.

Analowa uphunzitsi pamene aphunzitsi achikuda anali atatopa ndi malipiro awo. Kwa zaka zambiri sukulu za anthu akuda zinkayendera thumba lapadera la ndalama, lomwe mbali yake yaikulu inkachokera pa msonkho wa anthu akuda omwewo, motero malipiro anali otsika kwambiri poyerekeza ndi a aphunzitsi achizungu. Mu 1944 aphunzitsi, makolo ndi ana a sukulu anachita chionetsero m'misewu ya Johannesburg, aphunzitsi ena atafunda mabulangete posonyeza kuti ndalama zomwe ankalandira sizinkakwanira kugula zovala zoyenera ntchito yawo.

Malipirowo ankawerengera maola a m'kalasi okha. Mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri amapita kunyumba ndi mulu wa makope oti achonge, ndipo phunziro la mawa amalikonza usiku. Nyumba zambiri za ku Orlando nthawi imeneyo zinalibe magetsi, choncho ntchito yotereyi inkagwiridwa poyatsa kandulo kapena nyali ya palafini. Pamwamba pa izi a Mphahlele ankaphunzitsa ana zisudzo, kuwakonzera mbali za mabuku a Shakespeare ndi Dickens pamodzi ndi nthano za makolo kuti azisewere. Mogwirizana ndi katswiri wa nyimbo, a Khabi Mngoma, anayendetsa gulu la Syndicate of African Artists lomwe linkabweretsa nyimbo ndi zisudzo kwa anthu a m'makomboni.

Maola omwewo a usiku ndiwo anabala maphunziro awo apamwamba ndi zolemba zawo. Buku lawo loyamba la nkhani zifupizifupi, Man Must Live, linatuluka mu 1946. Mu 1949 analandira digiri yoyamba ku University of South Africa, imene anaiphunzira kudzera m'makalata. Kwa mphunzitsi wachikuda wa masiku amenewo, digiri inali njira imodzi mwa zochepa zokwezera malipiro, koma nthawi yowerengera ankachita kuidula pa tulo.

Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, a Mphahlele anali mlembi wa bungwe la Transvaal African Teachers' Association, pamene a Mothopeng anali pulezidenti wake. Mu 1951 komiti ya boma yotsogozedwa ndi W.W.M. Eiselen inatulutsa lipoti lofuna kuti ana achikuda azilandira maphunziro apadera, owakonzekeretsa malo otsika m'dziko la tsankho. Atsogoleri a bungweli anayendayenda kuchenjeza aphunzitsi ndi makolo za lipotilo, ndipo zimenezi ndizo zinawachotsetsa ntchito. Ana a ku Orlando High ananyanyala sukulu pokwiya ndi nkhaniyi. Atatuwo anamangidwa powaganizira kuti ndiwo anasonkhezera kunyanyalako, koma khoti linawapeza osalakwa. Ngakhale zinali choncho, analetsedwa kuphunzitsa m'sukulu za boma m'dziko lonselo.

Zimene ankachenjeza zinachitikadi. Lamulo la Bantu Education linakhazikitsidwa mu 1953, ndipo posakhalitsa boma linaika malire a mapaundi 6.5 miliyoni pachaka pa ndalama zomwe linkapereka kuchokera m'thumba lake lalikulu. M'makalasi oyambirira munayamba dongosolo loti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa magulu awiri a ana patsiku, lina m'mawa lina pambuyo pake, malipiro ali omwewo.

Atasowa kalasi kwawo, a Mphahlele anakaphunzitsa ku Maseru mu 1954, kenaka analowa ntchito ku magazini ya Drum. Mu 1957, atapata digiri yachiwiri ya ukadaulo, anachoka m'dzikolo kupita ku Nigeria. Buku la mbiri ya moyo wawo, Down Second Avenue, linasindikizidwa mu 1959. Zaka makumi awiri za kuchilendo zinawafikitsa ku Paris, ku Nairobi, ku Denver kumene analandira digiri ya udokotala mu 1968, ku University of Zambia mumzinda wa Lusaka, ndi ku Philadelphia.

Anabwerera kwawo mu 1977, nasintha dzina lawo kukhala Es'kia. Boma linawatsekereza pa mpando wa uphunzitsi ku University of the North, ndipo anayamba agwira ntchito yoyendera sukulu ku Lebowa. Mu 1979 analowa ku University of the Witwatersrand, kumene mu 1983 anakhazikitsa nthambi yophunzitsa zolembalemba za mu Africa. Ali pulofesa sanasiye ntchito ya kunja kwa maola, pakuti anathandiza kuyambitsa Funda Centre ku Soweto, malo ophunzirirako achinyamata, akuluakulu ndi aphunzitsi.

A Mphahlele anamwalira pa 27 Okutobala 2008 ku Lebowakgomo m'chigawo cha Limpopo, ali ndi zaka 88. Dziko limawakumbukira kwambiri chifukwa cha mabuku awo, ndipo loyamba mwa mabukuwo linatuluka iwo akuphunzitsa ku Orlando High, m'zaka zomwe usiku wawo unkagawidwa pakati pa makope a ana, maphunziro a m'makalata ndi zolemba zawo.