Oskar Barnack, Mwini Muyeso wa Kamera Yanga

Kwa zaka zitatu tsopano ndakhala ndikudzithandiza pa zofunika za pasukulu pano ndi ndalama zomwe ndimapeza pojambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Kamera yomwe ndinayamba nayo inali ya sensa yaing'ono, yomwe ojambula amaitcha APS-C. Panja masana inkagwira ntchito bwino, koma m'holo nthawi ya perekaniperekani, makamaka magetsi akazima, zithunzi zinkatuluka ngati wina wawazapo mchenga, nkhope za akwati zili mbuu. Tsiku lina mayi a mkwatibwi wina anakana kumaliza kundilipira ataona zithunzi za mwana wawo, ndipo kunena zoona sindinawaone kulakwa. Anzanga pa ntchitoyi anandiuza kuti mankhwala ake ndi kamera ya full frame. Ndinasunga ndalama kwa chaka ndi miyezi iwiri, ndinagulitsa kamera yakale ija, n'kugula ya full frame yomwe mwini wake anali ataigwiritsa kale ntchito.

Nditafika nayo kuchipinda, funso lina linayamba kundisowetsa mtendere. Mawu a Chingerezi amenewa akutanthauza kuti chinthu ndi chathunthu, chosadulidwa. Nanga chathunthu poyerekeza ndi chiyani? Kabuku ka kamerayo kanangonena kuti sensa yake ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ndinafuna kudziwa yemwe anagamula kuti manambala awiri amenewa ndiwo akhale muyeso woyezera makamera ena onse. Kufufuza kwanga kunandifikitsa kwa mmisiri wa ku Germany yemwe anamwalira kale kamera ya digito isanalotedwe n'komwe, ndipo m'chimangirizo chino ndifotokoza za moyo wake.

A Oskar Barnack anabadwa pa 1 Novembala 1879 m'mudzi wa Lynow, m'chigawo cha Brandenburg, kumwera kwa mzinda wa Berlin. Sanapite ku yunivesite ayi. Anaphunzira ntchito ya manja, yosula ndi kulumikiza tizitsulo ting'onoting'ono ta zida zoyezera zinthu. Mu 1902 analembedwa ntchito pa kampani ya Carl Zeiss mumzinda wa Jena, yomwe inali yotchuka popanga malenzi. Mu 1911 anasamukira ku Wetzlar kukagwira ntchito pa kampani ya Ernst Leitz, atakopedwa ndi mnzawo Emil Mechau yemwe anali atapita kale kumeneko. Kampaniyi sinkadziwika ndi makamera. Malonda ake anali mamaikulosikopu, zida zoonera tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo ntchito yomwe a Barnack anapatsidwa inali yokhudza zida zimenezi.

Kujambula zithunzi kunali kongosangalatsa mtima wawo akaweruka. Apa m'pofunika kumvetsa chomwe kujambula kunkatanthauza masiku amenewo. Kamera ya munthu wofuna chithunzi chabwino inali bokosi lalikulu, nthawi zambiri la matabwa, loimikidwa pa miyendo itatu. M'malo mwa filimu ankalowetsamo galasi lopakidwa mankhwala, galasi limodzi chithunzi chimodzi, ndipo magalasi a masentimita 13 ndi 18 anali ofala. Potsuka, galasilo ankalisanjika pa pepala, kotero kuti chithunzi chinkatuluka cha msinkhu wofanana ndi galasi lomwelo. Wofuna chithunzi chachikulu ankayenera kusenza kamera yaikulu. A Barnack ankakonda kuyenda m'mapiri ndi m'nkhalango, koma ankadwala mphumu, matenda omwe anakhala nawo moyo wawo wonse. Aliyense yemwe anaonapo munthu wa mphumu akukwera chitunda angathe kuganiza momwe zinkakhalira atasenzanso bokosi, miyendo yake ndi chikwama cha magalasi.

Ganizo lawo linali losavuta kunena koma lovuta kuchita. Anaona kuti palibe lamulo lokakamiza kuti negetivi ndi chithunzi zikhale zofanana kukula. Negetivi ingathe kukhala yaing'ono kwambiri, bola ikhale yakuthwa, kenako n'kuikulitsa pa pepala ndi makina owalitsa. Chomwe chinkasowa chinali filimu yoti ipirire kukulitsidwa koteroko, ndipo anaipeza ku mbali ina, ya kanema. Opanga kanema anali kale ndi filimu ya mamilimita 35 m'lifupi, yokhala ndi timabowo m'mbali zonse ziwiri, yomwe inachokera ku malo a ntchito a Thomas Edison ku America m'zaka za m'ma 1890. M'kamera ya kanema filimuyi inkayenda kuchokera pamwamba kutsikira pansi, ndipo chithunzi chilichonse chinali cha mamilimita 24 ndi 18. Kwa a Barnack kameneka kanali kochepa kwambiri. Tsono anaigoneka filimuyo kuti iziyenda chopingasa, n'kuphatikiza malo a zithunzi ziwiri kukhala a chithunzi chimodzi. Mamilimita 18 aja anasanduka 36, pomwe 24 anakhala momwemo, ndipo chithunzi chimodzi chinatenga timabowo 8 mbali iliyonse.

Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha. Muyeso womwe ndinauvutikira chaka ndi miyezi iwiri unachokera pa masamu a pulayimale, kuchulukitsa 18 kawiri, pa filimu yomwe inapangidwira ntchito ina. Komatu masamu omwewa tikukhala nawo mpaka lero. Mbali ziwirizi zimagwirizana ngati 3 ndi 2, ndipo n'chifukwa chake chithunzi cha mainchesi 6 ndi 4 chomwe timatsukitsa ku situdiyo chimakwana bwino lomwe, osadula mutu kapena mapazi a munthu. Palinso nthano yomwe anthu amasimba yoti zithunzi 36 za pa filimu imodzi zinachokera pa kutalika kwa mikono ya a Barnack ataitambasula, poti ndi momwe ankayezera filimu mumdima.

Kamera yoyamba anaipanga ndi manja awo pakati pa 1913 ndi 1914, ndipo masiku ano imatchedwa Ur-Leica. Inali yachitsulo, lenzi yake inkalowa m'kati ikakhala pa mpumulo, ndipo inkakwana m'thumba la jekete. Chimodzi mwa zithunzi zoyambirira zomwe anajambula nayo ndi cha pa Eisenmarkt, bwalo la pakati pa tauni ya Wetzlar. Ine chomwe chimandigwira mtima pa chithunzichi ndi choti anthu ali m'menemo sakudziwa kuti akujambulidwa. Akungoyenda, aliyense ndi zake. Yerekezani ndi zithunzi za agogo athu zomwe zili m'makoma, momwe anthu amaima chilili ngati asilikali, maso ali tong'o, kudikira wojambula. Mu 1914 momwemo a Ernst Leitz II, mwana wa mwini kampani, ananyamula kamera ya mtunduwu pa ulendo wawo wa ku New York n'kukajambula nayo misewu ya kumeneko.

Kenako nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka, ndipo nkhani ya kamera inagona. Panadutsa zaka 11 kuti ifike pa msika. A Barnack sanaitaye. Anapitiriza kuikonza ndi kujambula nayo, ndipo mu 1920 mtsinje wa Lahn utasefukira m'tauni ya Wetzlar anajambula zithunzi zotsatizana za madzi m'misewu ndi anthu akulimbana nawo. Zithunzi zimenezi zimatchulidwa kawirikawiri ngati chitsanzo choyambirira cha kufotokoza nkhani ndi kamera yaing'ono. Vuto lina lomwe linatsala linali la lenzi. Negetivi yaing'ono ikakulitsidwa, cholakwika chilichonse chimakula nayo limodzi, choncho panafunika lenzi yakuthwa mpaka m'makona. Ntchitoyi anaigwira ndi a Max Berek, katswiri wa masamu a malenzi pa kampani yomweyo, omwe anakonza lenzi ya mamilimita 50. Dzina la a Berek silimveka kwambiri, koma popanda iwo ganizo la a Barnack likanathera m'kabati.

Mu 1923 kampani inapanga makamera ochepa oyesera n'kuwapereka kwa anthu kuti awaone. Maganizo anagawanika. Imeneyi inali nthawi yomwe ndalama ya ku Germany inali itagweratu mphamvu ndipo ntchito zinali zosowa, kotero kuti ena mwa akuluakulu a kampani ankaona kuti kulowa m'malonda achilendo ndi kudziputira mavuto. Mu 1924 a Ernst Leitz II anagamula kuti kamera ipangidwe basi, mwa zina pofuna kuti antchito awo akhale ndi chochita. Mu 1925 inaonetsedwa pa chionetsero cha zamalonda ku Leipzig. Dzina lake linali Leica, lofupikitsa mawu oti Leitz ndi Camera. Dzina la mmisiri yemwe anaipanga silinalembedwepo.

Apa ndi pomwe pali nkhani yomwe inandichititsa kulemba chimangirizo chino. Ojambula ambiri odziwika a nthawi imeneyo anaiona kamerayi ngati choseweretsa. Kwa iwo negetivi yonga sitampa ya pa kalata sikanatha kupikisana ndi galasi lalikulu ngati chikhatho. Mpaka lero m'Chijeremani muyeso wa 36 ndi 24 umatchedwa Kleinbild, kutanthauza kuti chithunzi chaching'ono. Ndiye kuti chomwe ine ndi anzanga timachitcha chathunthu, n'kumanyadira kuti takwera, kwawo komwe chinabadwira dzina lake ndi kachepa. Chinasankhidwa osati chifukwa ndi chachikulu, koma chifukwa chinali chochepetsetsa chomwe chikanatha kutulutsa chithunzi chooneka, kuti munthu wobanika m'chifuwa athe kuyenda nacho.

Zaka zotsatira a Barnack anapitiriza kuwonjezera zina pa kamerayi. Mu 1930 inatuluka yotha kusinthidwa malenzi, ndipo mu 1932 inatuluka Leica II yokhala ndi kachida koyezera mtunda kuti chithunzi chisachite chimbuuzi. Chaka chomwecho kampani ya Zeiss Ikon inatulutsa Contax, yotsata muyeso womwewo, ndipo mu 1934 Kodak inayamba kugulitsa filimuyi m'kachitini kotha kulowetsedwa m'kamera masana, komwe kamadziwika ndi nambala ya 135. Ameneka ndi kachitini komwe akameramani oyenda pa njinga ankanyamula m'midzi mwathu muno tisanaone mafoni ojambula. Ndi mu 1932 momwemonso pomwe Henri Cartier-Bresson wa ku France anayamba kujambula ndi Leica, ndipo anakhala nayo pafupifupi moyo wake wonse wa ntchito. A Barnack anamwalira pa 16 Januwale 1936 ku Bad Nauheim ali ndi zaka 56. Mu 1979, patatha zaka 100 chibadwire, kampani inakhazikitsa mphotho ya ojambula zithunzi yotchedwa dzina lawo.

Ndisawonjezere ulemu woposa womwe akuyenera. A Barnack sanali oyamba kuika filimu ya kanema m'kamera ya zithunzi, poti ena ku America ndi ku Ulaya anayesapo nthawi yomweyo. Chomwe iwo anachita ndi kupanga kamera yomwe inagwiradi ntchito, yokhala ndi lenzi yoyenera ndi makina okulitsira, mpaka makampani ena anaona kuti kulibwino kungotsata.

Makamera a digito atayamba, kupanga sensa yaikulu kunali kodula kwambiri, choncho makampani anaika masensa ang'onoang'ono kumbuyo kwa malenzi omwe anapangidwira filimu. Sensa yotere imangotola pakati pa chithunzi n'kusiya m'mbali, ndipo n'chifukwa chake lenzi ya mamilimita 50 imaona ngati ya 75 kapena 80 pa kamera ya APS-C. Mawu oti full frame anatchuka pofuna kusiyanitsa sensa yodula m'mbali ndi yomwe ikukwana muyeso wa a Barnack. Makamera oyamba otere anali Contax N Digital ndi Canon EOS-1Ds mu 2002. Canon 5D ya mu 2005 ndiyo inatsitsa mtengo kufika poti ojambula maukwati n'kuuganizira, Nikon inatsatira ndi D3 mu 2007, ndipo Leica yeniyeniyo inabwerera ku muyeso wake ndi M9 mu 2009.

Kodi ndinapindula? M'holo, inde. Sensa ya full frame ndi yaikulu kuposa kawiri ya APS-C, imatola kuwala kochuluka, ndipo mchenga uja unachepa ndithu. Palibenso yemwe wandikaniza ndalama. Koma palibe mnzanga anandichenjeza kuti malenzi anga awiri akale sadzakwana, poti anapangidwira sensa yaing'ono ndipo ankasiya mdima m'makona. Ndinalowanso m'ngongole kugula lenzi ina yaikulu. Palibenso anandiuza za kulemera. Ukwati umayamba m'mawa kokonzera mkwatibwi n'kutha madzulo, ndipo pofika nthawi yodula keke khosi limakhala litauma. Pa tchuthi chapitachi ndinapita kumudzi n'kuisiya kamerayo m'sutikesi chifukwa cha ulesi wonyamula, ndipo agogo anga akupeta mpunga pakhonde ndinawajambula ndi foni.

Mu 2022 imodzi mwa makamera oyesera a mu 1923 aja, ya nambala 105, yomwe inali ya a Barnack eni ake, inagulidwa pa okushoni ku Wetzlar pa mtengo wa mayuro 14.4 miliyoni. Ndinayang'anitsitsa chithunzi chake. Ndi kakang'ono, kakuda, utoto utafufutika m'mbali momwe zala zinkagwira. Sabata yomweyo yomwe ndinaona chithunzicho ndinaika chikwama changa cha ntchito pa sikelo ya mnzanga wogulitsa nyemba, ndipo chinapitirira makilogalamu atatu. Mwezi watha ndinagula kalenzi kakang'ono ka mamilimita 50, kotsika mtengo kuposa malenzi onse omwe ndili nawo, ndipo pa chinkhoswe cha Loweruka lapitali ndinapita ndi kameneko kokha.