Harry Brearley: wotsuka mabotolo amene anatipatsa chitsulo chosachita dzimbiri

Mayi akamabereka pa chipatala chachikulu cha Mzuzu kapena ku St John's, sizasi yodulira mchombo wa mwana imakhala itadutsa kale m'madzi, mu sopo ndi mu nthunzi yotentha kambirimbiri, koma imatuluka ili ngwee. Mpeni wachitsulo wamba ukanadyeka ndi dzimbiri pa masabata ochepa. Kusiyana kumeneku kunayamba ndi munthu wina wa ku England amene anasiya sukulu ali ndi zaka 12.

Harry Brearley anabadwa pa 18 February 1871 mumzinda wa Sheffield, womwe unkadziwika ndi kusula mipeni. Banja lake linali losauka, ndipo bambo ake ankagwira ntchito yosungunula zitsulo pa kampani ya Thomas Firth & Sons. Atasiya sukulu, mnyamatayu analowa ntchito pafakitale, kenako anamupatsa ntchito yotsuka mabotolo mu labotale ya kampaniyo. Katswiri wa mu labotaleyo, James Taylor, anamulimbikitsa kuwerenga, ndipo Brearley ankaphunzira madzulo akaweruka. Anafika podziwa bwino kuyeza zomwe zili m'chitsulo, moti kampaniyo inamutumiza kukagwira ntchito pafakitale yake ku Riga. Mu 1908 anaikidwa kukhala mkulu wa labotale ya kafukufuku ya Brown Firth ku Sheffield.

Ntchito imene inamutchukitsa sinayambire kukhitchini kapena kuchipatala. Mu 1912 anapemphedwa kufufuza chifukwa chimene mkati mwa mipope ya mfuti munkaperepeseka msanga ndi moto wa onga. Iye anayamba kusakaniza chitsulo ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa chromium, pofuna kupeza chosakaniza chopirira kutentha. Pa 13 August 1913 anasungunula chitsulo chokhala ndi 12.8 peresenti ya chromium ndi 0.24 peresenti ya carbon.

Kuti aone mkati mwa chitsulo ndi makina okuza tinthu tating'ono, ankayamba wachipaka asidi kuti achidye pamwamba. Chatsopanochi chinakana kudyeka. Anachiyesanso ndi viniga ndi madzi a mandimu, koma sichinathimbirire. Apa anaona kuti chingathandize pa mipeni ndi ziwiya zodyera, zomwe anthu ankachita kukwecha tsiku ndi tsiku. Mabwana ake sanachite nacho chidwi poyamba. Anapita nacho kwa Ernest Stuart wa kampani yosula mipeni ya R. F. Mosley, yemwe anakwanitsa kupanga nacho mipeni yabwino, ndipo akuti ndi amene anachipatsa dzina loti stainless steel.

Chinsinsi chake n'chakuti chromium ikakumana ndi mpweya imapanga kachikopa kopyapyala kwambiri, kosaoneka ndi maso, komwe kamatchinga madzi kuti asafike pachitsulo. Kakakandika, kamadzipanganso kokha. Kuti izi zitheke, chromium iyenera kukhala yosachepera 10.5 peresenti.

Brearley sanali yekha. Ku Germany, akatswiri a kampani ya Krupp analembetsa chitsulo cha mtunduwu mu 1912, ndipo ku America Elwood Haynes ankachita kafukufuku wofanana. Mu 1915 Brearley anasiya ntchito atakangana ndi mabwana ake pa nkhani ya umwini wa zimene anapeza, n'kupita ku kampani ya Brown Bayley. Amene analowa m'malo mwake, William Hatfield, mu 1924 anapanga chitsulo cha 18 peresenti ya chromium ndi 8 peresenti ya nickel. Mukaona 18/8 pansi pa supuni kapena poto, tanthauzo lake ndi limeneli.

Funso limene Brearley anayamba nalo, la chitsulo pa moto waukulu, akatswiri akulifufuzabe. Chitsulo chikakokedwa kupitirira mphamvu yake chimatamuka osabwereranso mwakale. Koma chikatentha kwambiri, ngakhale katundu amene chimanyamula bwinobwino chili chozizira amachitamula pang'onopang'ono kwa miyezi kapena zaka, mpaka chimang'aluka. Pa Chingerezi amati creep. Poyesa, amaika kandodo ka chitsulo mu uvuni, kukapachika cholemera, n'kumayeza kutalika kwake kwa maola masauzande. Pa chitsulo chosachita dzimbiri vutoli limayamba kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 500, monga m'mipope ya nthunzi ya m'mafakitale. Makina ophera tizilombo pazipangizo a m'chipatala, autoclave, amafika madigiri 121 kapena 134 okha, choncho satamula sizasi kapena mbale.

Chimene chimawononga zipangizozi m'zipatala ndi m'makomo mwathu ndi klorini ndi mchere. Klorini imaboola kachikopa kaja, n'kusiya timaenje momwe magazi ndi tizilombo timabisala, ndipo burashi safikamo. Odzipereka a zaumoyo, musasiye zipangizo zitanyikidwa m'madzi a klorini kupitirira nthawi imene malangizo akunena, makamaka usiku wonse. Zitsukuluzeni ndi madzi oyera, ziumitseni, ndipo chimene chayamba timaenje kapena dzimbiri kachionetseni kwa namwino woyang'anira. Makolo, musasunge madzi amchere kapena a klorini mupoto kwa masiku, ndipo musakwechere ziwiyazi ndi waya wachitsulo wamba, chifukwa tizidutswa take timatsalira n'kuyambitsa dzimbiri. Dziwaninso kuti dzimbiri palokha siliyambitsa kafumbata. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, kotero ngakhale mpeni wonyezimira ungathe kumupatsa mwana matendawa. Mchombo usadulidwe ndi chida chosaphedwa tizilombo, ndipo amayi oyembekezera alandire katemera.

Brearley analandira mendulo ya golide ya Bessemer mu 1920. Mu 1941 anakhazikitsa thumba la Freshgate Trust Foundation lothandiza anthu obadwira mu umphawi ngati iye kuti aphunzire, ayende ndi kudziwa zaluso. Anamwalira pa 14 July 1948 ku Torquay ali ndi zaka 77, ndipo thumbalo likuthandizabe anthu a m'dera la Sheffield mpaka lero.