Adam Kozłowiecki: mlendo wa ku Kasisi amene anapumira nchito m'midzi ya Zambia

Pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, Azungu ambiri amene anali kugwira nchito m'Boma la Atsamunda, m'migodi ndi pa njanji anayamba kumanga akatundu ao. Ena anabwerera ku England. Ena anaopa cisanu ca kwao, natenga ndalama zao za penshoni kukagula nyumba m'mizinda yofunda ya m'mphepete mwa nyanja yamcere ku South Africa, monga Durban, East London ndi Port Elizabeth. Kumeneko nkhalamba inali kupeza dzuwa, zipatala zabwino ndi anzake oceza nao. Mwambo umenewu unali wakale ndithu. Ngakhale Sir Herbert Stanley, Bwanamkubwa woyamba wa Northern Rhodesia, anakatsiriza masiku ake ku Cape Town, kumene anamwalira m'caka ca 1955. Kwa anthu otere dziko lino linali malo a nchito cabe, ndipo nchito itatha anacoka. Akulu akale sananame ponena kuti mlendo ndi mame.

Koma panali mlendo mmodzi amene anacita mosiyana. Dzina lao linali Adam Kozłowiecki, wansembe wocokera ku Poland, amene anayamba nchito pa mishoni ya Kasisi m'caka ca 1946, nadzakhala Arkibishopu woyamba wa Lusaka. Anatula udindo umenewo ali ndi zaka 58, ndipo anakhalabe ndi moyo zaka zina 38. Zaka zonsezo anazikhala muno m'Zambia, ndipo zambiri mwa izo anazithera m'mamishoni a kumidzi.

Mwana wa mwini minda

A Kozłowiecki anabadwa pa 1 Epulo 1911 m'mudzi wa Huta Komorowska, kum'mwera ca kum'mawa kwa Poland. Banja lao linali la anthu omveka, eni minda yaikulu ndi nkhalango. Ali mnyamata anaphunzira pa sukulu ya ansembe a gulu la Ajezuiti ku Chyrów, ndipo kumeneko mtima wao unayamba kufuna unsembe. Atate ao sanakondwe nazo. Anawacotsa pa sukuluyo nawatumiza ku mzinda wa Poznań, poganiza kuti mwana akakhala kutali ndi ansembe adzaiwala. Koma mnyamatayo sanaiwale. M'caka ca 1929 analowa gulu la Ajezuiti, ndipo potero anasiya colowa ca makolo ao, pakuti Mjezuiti amalumbira kuti sadzakhala ndi cuma cakecake. Anadzozedwa unsembe pa 24 Juni 1937.

Zaka za m'ndende

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inayamba pa 1 Seputembala 1939, pamene asilikari a Hitler a ku Germany analowa m'Poland. Adaniwo anafuna kuthyola mtundu wa Apolishi poyamba ndi atsogoleri ake, ndiwo aphunzitsi, ansembe ndi anthu ophunzira. Pa 10 Novembala 1939 Bambo Kozłowiecki anagwidwa mumzinda wa Kraków pamodzi ndi Ajezuiti anzao oposa 20. Panalibe mlandu, panalibenso bwalo. Anayamba kusungidwa m'ndende ya mumzindamo, kenaka ku Wiśnicz, ndipo m'mwezi wa Juni 1940 anatumizidwa ku msasa wa cibalo wa Auschwitz, umene unali utangotsegulidwa kumene. Nambala yao ya ukaidi inali 1006. M'mwezi wa Disembala caka comweco anawasamutsira ku Dachau, m'dziko la Germany.

Ku Dachau ndiko kunasonkhanitsidwa atsogoleri a mipingo pafupifupi 2,700. Mwa iwo 1,780 anali ansembe a ku Poland, ndipo 868 mwa amenewa anafera komweko ndi njala, cisanu, matenda ndi kumenyedwa. Bambo Kozłowiecki anapulumuka. Asilikari a ku America anatsegula msasawo pa 29 Epulo 1945, iwo ali ndi zaka 34, atakhala m'ndende zaka zisanu ndi miyezi isanu. Zimene anaona anazilemba m'buku limene linasindikizidwa ku Kraków m'caka ca 1967.

Munthu woturuka m'mazunzo otere amafuna kwao, ndi mpumulo. Koma atafika ku Rome, akulu a gulu lao anawapempha kuti apite ku Northern Rhodesia, kumene Ajezuiti a ku Poland anali ndi mamishoni osowa ansembe cifukwa ca nkhondo. Anavomera.

Pa mishoni ya Kasisi

Kasisi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto ca kum'mawa kwa Lusaka, m'dera la Asoli ndi Alenje, m'boma la Chongwe. Mishoniyi inayambidwa m'caka ca 1905 ndi Bambo Jules Torrend, Mjezuiti wa ku France, katswiri wa zinenero za kuno. Masisitere a ku Poland anafikapo m'caka ca 1928, nasenza nchito yolera ana amasiye.

Bambo Kozłowiecki anafika pa Kasisi m'mwezi wa Epulo 1946. Anapatsidwa nchito yoyang'anira masukulu. Masiku amenewo maphunziro a mwana wa Mwafirika anali kwenikweni m'manja mwa mamishoni, ndipo sukulu ya kumudzi inali kanyumba ka udzu, mphunzitsi mmodzi ndi ana okhala pansi. Wansembe woyang'anira anayenera kuyendera masukuluwo, kukambirana ndi mafumu, kufuna aphunzitsi ndi kufunafuna ndalama za njerwa ndi mabuku. Munthu amene anaphunzira m'masukulu akulu a ku Ulaya anakhalanso ngati mwana, kuphunzira cinenero kwa anthu a m'midzi. Pa Kasisi ndi pamene anadziwira dziko lino ndi anthu ake.

Pa mpando wa Lusaka

Sanakhalitse pa nchito ya masukulu. M'caka ca 1950 Papa anawaika kukhala woyendetsa Mpingo wa Katolika m'cigawo ca Lusaka. M'caka ca 1955 anadzozedwa Bishopu, ndipo m'caka ca 1959 anakhala Arkibishopu woyamba wa Lusaka.

Imeneyi inali nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba m'caka ca 1953 Aafirika asakufuna. Mwafirika anali kugula nyama pa zenera pamene Mzungu analowa pakhomo. Munthu amene anamangidwa cifukwa adani anayesa mtundu wake wacabecabe sanafunikire kuuzidwa kuipa kwa tsankho. M'caka ca 1958 mabishopu a Katolika a Northern Rhodesia, a Kozłowiecki ali mmodzi wa iwo, analemba kalata yotsutsa kusankhana mitundu, yonena kuti anthu onse ali olingana. M'zaka zomwezo anayambitsa gulu la masisitere a Cizambia lochedwa Handmaids of the Blessed Virgin Mary. Anakhalanso nao pa msonkhano waukulu wa mabishopu a dziko lonse ku Vatican, umene unacitika kuyambira 1962 kufikira 1965.

Ufulu utabwera, Boma linayamba kuika eni dziko pa mipando imene kale inali ya Azungu. A Kozłowiecki anaona kuti Mpingo nao uyenera kutero. Palibe amene anawacotsa. Iwo eni anapempha ku Rome kangapo konse kuti awalole kutula udindo, kuti mpando wa Lusaka ukhale wa mwana wa dziko lino. Pempho lao linavomerezedwa m'mwezi wa Meyi 1969. Wolowa m'malo mwao anali Bambo Emmanuel Milingo a ku Cigawo ca Kum'mawa, amene anadzozedwa ndi Papa Paulo VI ku Kampala, m'dziko la Uganda, pa 1 Ogasiti 1969.

Kupuma kwa mtundu wina

Apa ndi pamene pali mtima wa mbiri iyi. Munthu wa zaka 58, wozunzika m'ndende, wotumikira zaka 23 m'dziko la eni, anali woyenera mpumulo, ndipo palibe akanamdzudzula. Ajezuiti ali ndi nyumba zao m'maiko ambiri, ku Rome ndi kwina, kumene bishopu wopuma akanakhala mwa mtendere. Anzao a msinkhu womwewo amene anagwira nchito za Boma anali atakhala kale pa makonde a nyumba zao ku Durban, kuyang'ana zombo.

Iwo anapita ku Chingombe, m'cigwa ca Luano, kumene kumayenda mitsinje ya Lunsemfwa ndi Lukusashi. Mishoni ya Chingombe inatsegulidwa ndi Ajezuiti m'caka ca 1914, ndipo ili pakati pa malo obvuta kufikako koposa m'dziko lino. Njira yake imatsika phiri lalitali lamiyala, ndipo m'nyengo ya dzinja galimoto imalephera. Kutentha kulipo, koposanso kwa ku Durban, koma mphepo ya kunyanja kulibe. Kuli udzudzu ndi malungo. Kumeneko munthu amene dzulo lake anali kulandiridwa ndi akulu a Boma anakhala wansembe wamba, wobatiza ana, woyendera odwala ndi woika maliro.

Pambuyo pake anatumikira ku Mumbwa, ku Mulungushi, ndipo potsiriza ku Mpunde, kufupi ndi Kabwe. Kuyambira 1970 kufikira 1991 anali kuyang'aniranso nchito ya Papa yothandiza mamishoni m'dziko lino. Anali munthu wa makalata ambiri. Anali kulembera abwenzi a ku Ulaya kuwafotokozera za moyo wa m'midzi ndi kupempha thandizo, ndipo ena mwa makalata ao onena za Chingombe anasonkhanitsidwa m'buku kwao ku Poland. Amene anakhala nao anawadziwa monga munthu wanthabwala, wosasunga mangawa ngakhale kwa mtundu umene unawazunza.

Wina anganene kuti anakhala kuno cifukwa kwao kunali kotseka. Nzoona kuti nkhondo itatha Poland inagwa m'manja mwa Boma la Cikomyunizimu, limene silinakonde ansembe. Koma Boma limenelo linagwa m'caka ca 1989, iwo ali ndi zaka 78, ndipo khomo linatseguka. Ku Poland anali kupitako monga mlendo woceza, nabweranso. Anthu a kuno amadziwa za machona, amuna amene anapita ku Harare kapena ku Joni nakhalirira komweko. Abale a ku Huta Komorowska akanatha kuwacha mchona. Kusiyana kwake nkwakuti mchona amakhala cifukwa ca ndalama kapena manyazi obwerera cimanjamanja, pamene iwo anakhala cifukwa ca anthu amene anawazolowera ndi nchito imene sinathe.

Cipewa cofiira ku Mpunde

Pa 21 Febuluwale 1998 Papa Yohane Paulo II, amene nayenso anali wa ku Poland ndipo kale anali Arkibishopu wa Kraków, mzinda umene a Kozłowiecki anagwidwiramo, anawakweza kukhala Kadinala. Uwu ndi ulemu waukulu koposa mu Mpingo wa Katolika pansi pa Papa. Anali ndi zaka 86, motero sakanaponya nao voti posankha Papa watsopano, pakuti lamulo limaleka pa zaka 80. Unali ulemu wothokoza moyo wao wonse. Anali munthu woyamba wogwira nchito m'Zambia kulandira udindowu. Mzambia wobadwira kuno woyamba kukhala Kadinala anali a Medardo Mazombwe, m'caka ca 2010.

Mwambo utatha ku Rome, nkhalambayo inabwerera ku Mpunde, kukapitiriza kucita Misa ndi anthu a m'midzi monga kale.

Anamwalira ku Lusaka pa 28 Seputembala 2007, ali ndi zaka 96. Mwa zaka zimenezo, 35 anazikhala ku Ulaya ndipo 61 anazikhala muno. Kwao ku Huta Komorowska anthu anakonza nyumba yosungiramo zinthu zowakumbukira, koma mtembo wao sunaoloke nyanja. Unaikidwa pa chalichi cacikulu ca Mwana Yesu mumzinda wa Lusaka.

Funso la kumene munthu akakhale akapuma pa nchito silili la Azungu okha. Mphunzitsi, wapolisi ndi wa m'mgodi amakumana nalo tsiku lolandira penshoni, kuti kodi atsale m'tauni kapena abwerere kumudzi. Mbiri ya a Kozłowiecki ionetsa kuti kwao kwa munthu kumadziwika pa tsiku limene nchito yamleka ndipo ali womasuka kupita kumene afuna. Pa Kasisi, pamene anayambira, masukulu akali kuphunzitsa ana, masisitere akali kulera amasiye, ndipo kuyambira 1974 pali sukulu yophunzitsa alimi ang'onoang'ono. Kucokera pamenepo kufika pa manda ao ku Lusaka, ulendo wa pa galimoto sukwana ndi maola awiri omwe.