Inkosi Gomani Woyamba, Ngwazi ya Kwathu

Anzanga ambiri pasukulu pano akonda kuwerenga nthano za Azungu zonena za Mfumu Arthur, ankhondo ake okwera pa akavalo, ndi Merlin wamatsenga uja. Inenso ndizikonda ndithu. Koma ine ndifuna kukuuzani za ngwazi imene inapondadi dothi lino la Ntcheu, ndiyo Inkosi Gomani Woyamba, mfumu ya Angoni a kwa Maseko.

Gomani anali mwana wa Chikuse. Atate wake atamwalira m'chaka cha 1891, iye analowa ufumu akali mnyamata. Koma sanaudye mwamtendere ai, pakuti mbale wake Kachindamoto, wa banja la Chifisi, anakana kumgonjera, ndipo anathirana nkhondo zaka zingapo. Potsiriza Kachindamoto anatsikira kunyanja, kumene mbumba yake ikhala ku Mtakataka kufikira lero.

Nkhondo imeneyi itangotha kunadza vuto loposa. Boma la Angerezi la ku Zomba linafuna msonkho, ndipo anyamata ambiri anali kupita kukagwira ntchito m'minda ya Azungu cha ku Blantyre. Gomani anaona kuti anthu ake alikumpulumuka m'manja. Mu Okutobala 1896 ankhondo ake anatentha midzi ya pafupi ndi mishoni ya ku Dombole, ndipo anthu ena anafa. Pamenepo Boma linatumiza asilikali. Mikondo, zibonga ndi zishango zachikopa sizinathe kulimbana ndi mfuti. Gomani anagwidwa, ndipo anamuombera pa 27 Okutobala 1896. Akuluakulu asimba kuti iye anakana kuyenda ulendo womangidwa ngati kapolo, nasankha kufera m'dziko lake.

Mwana wake Philip Gomani Wachiwiri analowa ufumu mu 1921. Iyenso anatengera mtima wa atate wake, pakuti mu 1953 anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linamchotsa pampando, ndipo anamwalira mu 1954.

Tsono taonani, anzanga. Arthur wa m'nthano anali ndi lupanga lamatsenga, koma Gomani analibe chomtchinjiriza koma mtima wake wokha. Anali ndi zolakwa zake monga munthu aliyense, ndipo sitiyenera kuzibisa. Agogo amene adziwa mbiri imeneyi alikutha. Tiyeni tikawafunse patchuthi chino, tilembe zimene adzatiuza, kuti adzukulu athu adzawerengenso za ngwazi zakwawo.