Arnold Pick

Arnold Pick (20 Julaye 1851 – 4 Epulo 1924) anali dokotala wa matenda a maganizo ndi a mitsempha ya ubongo amene anagwira ntchito zaka zambiri mumzinda wa Prague. Amadziwika kwambiri chifukwa chofotokoza, m'chaka cha 1892, matenda amene amafooketsa mbali imodzi ya ubongo n'kusokoneza chilankhulo ndi khalidwe la munthu. Matendawa anadzatchedwa matenda a Pick, ndipo lero ali m'gulu la matenda otchedwa frontotemporal dementia.

Ubwana ndi maphunziro

Pick anabadwira m'banja la Chiyuda m'tauni ya Velké Meziříčí ku Moravia, dera lomwe panthawiyo linali mu ufumu wa Austria ndipo tsopano lili m'dziko la Czech Republic. Anaphunzira zaudokotala ku Vienna, komwe ankathandizira Theodor Meynert, katswiri wa kapangidwe ka ubongo. Atamaliza maphunziro mu 1875, anapita ku Berlin kukagwira ntchito pansi pa Carl Westphal. Kumeneko kunalinso Carl Wernicke, yemwe anali atangolemba kumene za mbali ya ubongo yothandiza munthu kumva tanthauzo la mawu.

Ntchito

Atagwira ntchito pachipatala cha odwala maganizo ku Wehnen ku Germany, Pick anasamukira ku Prague mu 1877. Mu 1880 anakhala mkulu wa chipatala chatsopano cha odwala maganizo ku Dobřany. Mu 1886 anasankhidwa kukhala pulofesa pa yunivesite ya Chijeremani ya ku Prague, ndipo anatsogolera chipatala chake cha matenda a maganizo mpaka anapuma pantchito mu 1921.

Analemba nkhani zasayansi pafupifupi 350. Pamodzi ndi Otto Kahler anafufuza mmene mitsempha imayalidwira mumsana. Mu 1903 anafotokoza vuto limene wodwala amakhulupirira kuti malo amodzi alipo pawiri. Mu 1913 anatulutsa buku lakuti Die agrammatischen Sprachstörungen, lonena za odwala amene mawu amawadziwa koma amalephera kuwalumikiza kukhala chiganizo.

Matenda a Pick

M'nthawi ya Pick madokotala ambiri ankakhulupirira kuti ukalamba umafooketsa ubongo wonse mofanana, ndipo munthu akasiya kulankhula bwino ndiye kuti wachita sitiroko kapena ali ndi chotupa m'mutu. Mu 1892 Pick analemba za bambo wina wa zaka 71 amene chilankhulo chake chinkasokonekera pang'onopang'ono mpaka sankamvanso bwino zimene ankauzidwa. Bamboyo atamwalira, ubongo wake unapezeka kuti wafota kwambiri mbali ya kumanzere, cha pafupi ndi khutu. Apa Pick anaonetsa kuti ubongo ukhoza kufota pamalo amodzi, ndipo zizindikiro zimatsatira ntchito ya malo awonongekawo. M'zaka zotsatira mpaka 1906 anafotokoza odwala ena, kuphatikizapo ofota mbali yakutsogolo ya ubongo, kuseri kwa chipumi.

Pick ankadalira kwambiri kupima wodwala ali moyo ndi kuona ubongo ndi maso. Amene anauona pamaikulosikopu ndi Alois Alzheimer, yemwe mu 1911 anapeza timibulu tozungulira m'maselo a ubongo wa odwala otere. Timibuluti timatchedwa ndi dzina la Pick ngakhale kuti sanatipeze ndi iye. Dzina lakuti matenda a Pick linakhazikika m'zaka za m'ma 1920, makamaka Onari ndi Spatz atalemba za matendawa mu 1926.

Zimene zadziwika pambuyo pake

Mu 1994 ofufuza a ku Lund ku Sweden ndi a ku Manchester ku England anagwirizana za zizindikiro zozindikirira frontotemporal dementia. Zinadziwikanso kuti timibulu ta Pick timapangidwa ndi puloteni yotchedwa tau, ndiponso kuti odwala ena vuto lawo limachokera ku puloteni ina, TDP-43. M'mabanja ena matendawa amayenda m'magazi.

Matendawa amayamba kawirikawiri munthu ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 65, akadali wodalirika pabanja. Amasiyana ndi matenda a Alzheimer chifukwa poyamba wodwala sakhala woiwalaiwala. Chimene chimasintha ndi khalidwe: munthu waulemu amayamba kulankhula zopanda manyazi, kusalabadira abale, kudya mopitirira muyeso, kubwereza chinthu chimodzimodzi kapena kuwononga ndalama. Ena amataya mawu, moti chinthu akuchiona koma dzina lake salipeza. Nthawi zambiri wodwalayo sazindikira kuti wasintha.

Mankhwala ochiza palibe. Chisamaliro chimatsamira pa kusunga ndondomeko imodzi ya tsiku, kulankhula ziganizo zazifupi, kupewa kukangana ndi wodwala, kuchotsa zinthu zoopsa monga mipeni ndi moto, kuyang'anira chuma cha banja ndi kusinthana pa ntchito yodwazika kuti isalemere munthu mmodzi.

Ku Malawi, munthu wachikulire amene wasintha khalidwe mwanjira imeneyi nthawi zina amanenedwa kuti ndi mfiti kapena walodzedwa, ngakhale kuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. M'maboma a Machinga ndi Balaka, wodwala wotere angayambe kuonedwa pachipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo ofunika akatswiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Mfundo ya Pick, yakuti kusintha kotere kumachokera pamalo odwala mu ubongo, ndi imene imathandiza banja kumvetsa kuti wodwalayo sachita dala.

Imfa

Pick anamwalira ku Prague pa 4 Epulo 1924 ali ndi zaka 72, magazi ake atalowa tizilombo pambuyo pa opaleshoni ya chikhodzodzo. Mmodzi mwa madokotala amene anagwira ntchito m'chipatala chake anali Oskar Fischer, yemwe mu 1907 anafotokoza timadontho topezeka mu ubongo wa okalamba odwala matenda oiwalitsa.